Nkhope Zathu pa Mapu a Nkhanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona pampu ya petulo koyamba. Chipata masiku amenewo ankati Foti Jemisoni, koma ife a ku Kasenengwa tinkangoti ku Boma. Atate, a Mbewe, anali mphunzitsi wa sukulu ya mpingo m'mudzi mwathu, ndipo abusa akapanda kubwera pa Sabata, iwo ndiwo ankalalikira. Amayi anakulira m'manja mwa amishonale. Ankadziwa kuwerenga, ankasoka ndi makina opukusa ndi dzanja, ndipo azimayi a m'mudzi ankabwera pakhonde pathu kudzaphunzira kudula malaya a ana. Ku Boma tinali ndi mbale mmodzi yekha, malume anga a Filimoni, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito pa pampu ya Nkhanga.

Nkhanga silinali dzina lenileni la kampaniyo. Anthu anangoitcha choncho chifukwa cha mbalame imene inajambulidwa pa chikwangwani chake. Mwini wake anali mzungu wina wamtali amene ulimi wa fodya unamukanika, ndiye anayamba kuoda petulo m'madiramu n'kumagulitsa payekha, osalowa pansi pa makampani akuluakulu aja. Anali ndi pampu ku Boma, ina njira ya ku Lilongwe, zina mumsewu waukulu wotsikira ku Luangwa. Malume ankatiuza kuti makampani aakulu ankapereka mapu a misewu kwa oyendetsa galimoto mwaulere, ndiye bwana wawo naye ankafuna akeake, oonetsa pamene pali mapampu ake okha, kuti mlendo wochokera kutali asakaime kwina.

Tsiku limene tinafika pa pampupo tinali pa ulendo wa ku ukwati wa mphunzitsi mnzawo wa atate. Tinakwera lole ya fodya, titakulunga zovala zathu zabwino mu nsalu kuopa fumbi, n'kukavalira kunyumba kwa malume. Atate anavala jekete lawo lakuda ndi tayi. Amayi anavala diresi lamanja aatali limene anasoka okha, ndi duku loyera. Ine anandiveka diresi lamaluwamaluwa ndi nsapato zimene zinkandithina zala. Kenaka tinadutsira pa pampu kukapereka moni kwa malume.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Chinali chitsulo chofiira, chachitali kuposa munthu, chokhala ndi mabotolo awiri agalasi pamwamba. Malume ankakankha chogwirira uku ndi uku, petulo akukwera m'botolo limodzi pamene linalo likutsikira m'galimoto kudzera m'paipi. Fungo lake linandilowa m'mphuno mpaka misozi, koma sindinafune kusuntha. Ndili chiyang'anire, mwini pampu anatuluka m'sitolo pamodzi ndi mzungu wina wachinyamata, atanyamula kamera ya miyendo itatu. Anatiyang'ana, nayang'anizana okhaokha, kenaka wamtaliyo anayankhula ndi atate m'Chingerezi.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Akupanga mapu," anatero atate. "Akufuna atijambule tili pa pampu, kuti anthu akutali aone anthu a dziko lino."

"Atate ake Estere, tichedwa ku ukwati."

"Ndi kanthawi kochepa. Aone kuti kuno nakonso kuli anthu ophunzira."

Anatiimika pafupi ndi pampu, atate kumbuyo, amayi pambali pawo, ine patsogolo. Mnyamatayo analowetsa mutu m'nsalu yakuda, natiuza kuti tisagwedezeke. Amayi anamwetulira pang'ono, mwamanyazi, maso atatsitsa. Basi zinathera pomwepo. Tinapita ku ukwati, ndipo titabwerera kumudzi atate anauza ana a sukulu kuti mapu akabwera adzatiphunzitsa nawo misewu ya dziko lathu. Ine ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse, kuti nkhope yanga ikafika ku Joni.

Dzinja linabwera n'kupita. Tinakolola, nkhaniyo anthu n'kuyamba kuiwala. Tsiku lina pa nthawi yopuma ku sukulu ndinaona anyamata ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, akukankhana ndi kuseka chobisa. Woyendetsa lole ya fodya anali atasiya mapu amodzi pa kasitolo ka m'mudzi, ndipo mwana wa mwini sitolo anabwera nawo. Nditayandikira, kuseka kunaleka. Anandipatukira onse, wina n'kundipatsa pepalalo osandiyang'ana kumaso.

Linali pepala losalala, lopindapinda, lamitundu yowala imene ndinali ndisanaonepo. Pachikuto panali pampu yofiira ija, nkhanga ili pamwamba, ndi galimoto yodzaza azungu akugwedeza manja. Pansi pake panali ife.

Nkhope inali ya atate ndithu, ndevu zawo zapamlomo, ngakhale tsinya limene ankachita dzuwa likawathobwa m'maso. Koma kumutu anali ndi nthenga, m'chiuno zikopa, kumanja chishango ndi nthungo, pachifuwa palibe kanthu. Pambali pawo panali amayi, kumwetulira kwawo komwe kuja, maso atatsitsa. Duku panalibe. Anawasenzetsa mtsuko. Kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno anali ndi mikanda yokha, ndipo pachifuwa ndi pamimba anawalemba mizeremizere ya mphini. Patsogolo panali kamtsikana kovala kachikopa kosakwana ndi chikhatho, kali ndi nkhope yanga.

Ndinatembenuza pepalalo kuona kuseri, ngati kuti zovala zathu ndikazipeza kumeneko. Ndinalitambasula lonse, koma mkati munali misewu yokha, mizere yofiira yokhotakhota, ndi tinkhanga ting'onoting'ono pamalo paliponse pamene panali pampu. Ndinabwereranso pachikuto. Ndinali ndisanaonepo amayi anga chomwecho, ngakhale kumtsinje, ndipo apa anali m'manja mwa anyamata a sukulu.

Atate anatulukira m'kalasi, naona kuti pali china. Anatenga pepalalo m'manja mwanga. Analiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenaka analipinda bwinobwino motsata mapindidwe ake, naliika m'thumba. Anamenya chitsulo kuti tilowe. Anatiphunzitsa masamu ngati palibe chachitika, koma choko chinkathyokathyoka m'manja mwawo.

Kunyumba tinapeza amayi akusoka pakhonde. Atate anawapatsa pepalalo. Makina anaima. Amayi analiyandikiza kumaso, nalitalikitsa, kenaka ananena motsitsa mawu, ngati akudziyankhulira okha, kuti, "Koma nkhopeyi ndi yanga."

"Nkhope anadula pa chithunzi chija," anatero atate. "Matupiwa wina wachita kujambula ndi dzanja."

"Waona ndani?"

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Onse, amayi," ndinatero.

Amayi analowa m'nyumba, natseka chitseko. Sindinamve kulira kulikonse, ndipo bata limenelo linandiopsa kuposa kulira.

Madzulo a tsiku lomwelo malume anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anabwera kudzatichenjeza, koma anali atachedwa. Anati mapuwo anabwera m'mabokosi kuchokera ku Joni, ndipo lamulo linali loti galimoto iliyonse yothira petulo ipatsidwe amodzi. Iwo ataona chikutocho anayamba kuching'amba asanapereke. Bwana atawapeza anawakalipira, ndipo iwo anavula ovololo n'kuisiya pa pampu pomwepo. "Ndingapereke bwanji mlongo wanga kwa munthu aliyense wodutsa?" anatero.

M'mawa mwake atate anavalanso jekete lija ndi tayi, nanditenga pa njinga kupita ku Boma. Anati mwini pampu uja aone mwana amene wamuchita zimenezi. Tinamupeza akuyang'anira anyamata otsitsa madiramu. Atationa anasangalala, natambasula dzanja. Zimene anakambirana ndinazimva pambuyo pake, atate akufotokozera amayi, koma nkhope yake ndinaiwerenga ndekha. Sanali wokwiya, sanali wamanyazi. Anali wodabwa kuti tikudandaula chiyani. Anati chithunzicho anachitumiza kwa osindikiza monga chinalili, ndipo iwo anamuyankha kuti palibe mlendo angayende ulendo wonsewo kudzaona munthu wakuda wovala tayi, chifukwa oterowo ali nawo kale kwawoko. Anati chikutocho chatuluka bwino kwambiri, madalaivala akuchikonda. Atate anapempha kuti mapuwo asiye kugawidwa. Iye anaseka, naloza msewu wa ku Luangwa, kunena kuti mabokosi ena anapita kale. Atate anapempha chithunzi chenichenicho. Iye anati chinatsala ku Joni, ndipo mnyamata wojambula uja anachoka. Atate anapempha kuti mzunguyo abwere yekha adzauze akulu a mpingo zimene zinachitika. Apo ndiye anagwedeza mutu, nati nkhani za matchalitchi salowererapo. Potsiriza anandisisita kumutu, nalowa m'sitolo, n'kubwera ndi mapu ena atsopano kudzandipatsa ngati mphatso. Atate anandigwira dzanja ndisanalandire.

Sabata isanathe, nkhani inali itafika midzi yonse yozungulira. Mpingo wathu masiku amenewo unkaletsa Mkhristu kuvala zikopa za gule wa ngoma, ndipo atate anali atalalikirapo zimenezo. Anthu a kunja kwa mpingo ankaseka kuti aphunzitsi amaletsa anzawo masana, iwo n'kumakavalira azungu ku Boma. Za amayi ankanena zoipa kuposa pamenepo. Makolo ena analetsa ana awo kubwera ku sukulu. Pakhonde pathu sipanabwerenso mzimayi ndi nsalu.

Akulu a mpingo anatiitana Loweruka lina masana m'tchalitchi. Wotsogolera anali a Sakala, mkulu wa mpingo, bwenzi la atate, munthu amene anandinyamulapo ndili wakhanda. Sanali munthu wankhanza, ndipo nkhope yawo inkaoneka kuti nkhaniyi ikuwapweteka. Mapu anali pa tebulo, chikuto atachifulatitsa. Azibambo anakhala mbali ina, azimayi achikulire mbali ina.

Atate anafotokoza zonse mwadongosolo. A Sakala anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Aphunzitsi, tonse taonapo zithunzi. Kamera imatenga chimene chaima patsogolo pake. Mutu wa munthu angaudule bwanji n'kuuika pa thupi lina, khosi osaoneka msoko?"

Malume anaimirira kuti achitire umboni, koma wina anati iwowo ndi mlongo wawo wa amayi, ndiponso si wa mpingo. Anakhala pansi. Kenaka a Sakala anaitana ine.

"Estere, mwana wanga, usaope," anatero a Sakala. "Tsiku limenelo unavala chiyani?"

"Diresi lamaluwa ndi nsapato."

"Sanakuuze kuti uvule, ngakhale kanthawi kochepa?"

"Iyayi. Palibe anavula. Tinangoima, kenaka tinapita ku ukwati."

A Sakala anatembenuza pepala lija, naliyang'ana, nayang'ana ine, naliyang'ananso. Linayenda m'manja mwa akulu onse, ndipo aliyense anachita chimodzimodzi. Ndinaima pamenepo ndikuona anthu amene ankandidziwa kuyambira kubadwa akundiyerekeza ndi pepala, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti pepalalo likundiposa. Wina anang'ung'udza kuti mwana sangatsutse makolo ake. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti munthu ukanena zoona kwa akulu, nkhani imatha.

Pamenepo mkazi wa a Sakala, mayi wachifundo amene ankakonda amayi kwambiri, anapempha kuti ayankhule. Anati iye wapeza njira. "Thupi lili papepalali lili ndi mphini pachifuwa ndi pamimba. Amake Estere anakulira kwa amishonale, ndikhulupirira alibe. Ife azimayi tipite nawo kuseriku, tikaone. Tikapeza kuti alibe, tibwera kudzanena, nkhani ithe lero lomwe."

M'tchalitchi munamveka kupuma kwa anthu omasuka. A Sakala anavomera ndi mutu. Atate anadzutsa nkhope koyamba. Ine ndinadziwa kuti tapulumuka. Azimayi awiri anali atayamba kale kuimirira.

Amayi sanasunthe. Chiyambire msonkhanowo anali asanatsegule pakamwa. Anakonza duku lawo, naimirira pang'onopang'ono, manja atagwirizira kutsogolo.

"Zikomo amayi, ndikudziwa mwanena pofuna kundithandiza," anatero. "Koma ine ndakhala nanu zaka zonsezi. Ana anu avala zosoka ine. Maliro anu ndagona nawo. Mwamuna wanga wanena, mlongo wanga mwamukaniza kunena, mwana wanga wanena. Tsopano ndikunena ndine: sindinavule. Anthu aja anandivula ndisakudziwa. Lero mukuti ndivule ndikudziwa, kuti mukhulupirire. Sinditero."

"Ndi azimayi okhaokha, amake Estere," anatero a Sakala mochonderera. "Tithandizeni kuti tikuthandizeni."

"Ngati mawu anga sakukwana, a Sakala, lembani chimene mwaona kuti n'choyenera."

Ndinayang'ana atate, ndikudikira kuti awadzudzule. Ntchito yawo, nyumba yathu, sukulu yanga, zonse zinali pamenepo, ndipo chofunika chinali kungopita kuseri kwa tchalitchi. Atate anayang'ana amayi kwa kanthawi. Kenaka anatola chipewa chawo, naimirira pambali pawo, nati, "Mwamva mayankho athu." Tinatuluka.

Sanatichotse mumpingo, koma anagamula kuti atate sangapitirize kuphunzitsa pamudzipo. Patapita milungu ingapo anawatumiza ku kasukulu kena kakutali, kumalo a miyala, kumene madzi tinkatunga pa chitsime chouma theka la chaka. Tinasiya nyumba ya njerwa, mitengo ya malalanje imene atate anabzala, ndi anzanga onse. Tsiku losamuka ndinayenda kumbuyo kwa ngolo ndili ndwii, osayankhula ndi amayi. Atate anatsalira dala kuti tiyende limodzi.

"Wakwiyira amako," anatero.

"Akanangopita kuseri kuja, bwenzi tili kwathu."

"Inenso ndinafuna apite," anatero atate. "Ndisakunamize. Koma amene anati tijambulidwe ndine, iwo anakana. Tsiku lija ndinawakakamiza. Sindikanawakakamizanso kachiwiri."

Sindinamvetse, ndipo mkwiyowo ndinakhala nawo nthawi yaitali.

Nkhondo yaikulu itayamba, petulo anasowa, magalimoto anachepa mumsewu, ndipo mapampu a Nkhanga anatsekedwa imodzi imodzi. Mzungu uja anachoka osatsanzika aliyense. Malume anatiuza kuti mapu otsala anagulidwa ndi eni masitolo, ankakulungira mchere ndi sopo. Patapita zaka a Sakala anabwera okha pa njinga kudzationa. Mwana wawo anali atagwirako ntchito kosindikiza mabuku ku Halale, ndipo anawafotokozera mmene amadulira zithunzi. Anakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, napepesa. Amayi anawaphikira nkhuku, nawafunsa za akumudzi mmodzimmodzi, koma kubwerera anakana.

Amayi sanaimenso patsogolo pa kamera moyo wawo wonse. Pa ukwati wanga tinaitana wojambula wa ku Boma. Abale onse anafola, atate atakhala pampando pakati, malo a amayi tawasiyira. Tinawaitana mpaka kutopa. Iwo anapita kukaima kumbuyo kwa wojambulayo, pafupi ndithu, akuyang'anitsitsa manja ake kufikira atamaliza. Choncho lero, ndili nkhalamba kuno ku Kapata m'tauni ya Chipata, ndilibe chithunzi cha amayi anga ngakhale chimodzi. Adzukulu akandifunsa kuti ankaoneka bwanji, ndimangowafotokozera ndi pakamwa.

Zinanditengera kukhala mayi, ndi kunenedwapo zabodza ine mwini, kuti ndimvetse chimene chinachitika m'tchalitchi muja. Ndinkaganiza kuti amayi anatitayitsa mudzi chifukwa cha manyazi. Sanali manyazi. Anaona chimene ine ndi atate sitinaone msanga, kuti akanapita kuseri kuja, anthu akanakhulupirira khungu lawo, osati iwo, ndipo kuyambira tsikulo mawu awo sakanakhalanso ndi kulemera pamudzipo popanda wina kukatsimikiza. Bodza analipanga ndi anthu ena, kutali, pofuna kugulitsa petulo, koma ntchito yolitsuka anafuna kuisenzetsa iwo, ndi thupi lawo lomwe. Anakana, akudziwa mtengo wake, ndipo tinaulipira tonse. Ndikakumbukira mtsikana uja akuyenda kumbuyo kwa ngolo atatupa ndi mkwiyo, ndimalakalaka nditamuuza kuti athamange, akayende pambali pa amayi ake.